A Hezekiah Kambalame ndi Mawanga a pa Mabo a ku Unit A

A Hezekiah Kambalame ndi bambo wamtali, wowerama pang'ono, amene amakhala ku Zengeza 1, kufupi ndi Harare, m'nyumba ya zipinda zinayi. Zipinda ziwiri amakhalamo iwo ndi akazi awo a Tereza, ziwiri zinazo muli maloja, anthu a lendi. Ntchito yawo ndi yopala ndi kupolisha pansi pa nyumba zoyalidwa miyala, makamaka mabo ndi terazo, simenti ija yosakaniza ndi timiyala. Anthu ambiri a kuno sadziwa dzina lawo lenileni. Ena amangoti Baba Charmaine, potsata dzina la mwana wawo woyamba amene ali ku Joni. Ena, makamaka anyamata oitanira makombi, maminibasi a kuno, pa msika wa Chikwanha, amawakuwa kuti "Achimwene!" monga amakuwira aliyense amene makolo ake anachokera ku Malawi. A Kambalame amayankha onse pokweza dzanja, koma saima.

Bambo awo anachoka ku Ntcheu wapansi ali mnyamata, nakagwira ntchito pa famu ya fodya kufupi ndi tauni ya Beatrice, ndipo a Hezekiah anabadwira komweko, mu komboni. Ku Ntcheu sanafikeko. Amadziwa dzina la mudzi ndi dzina la mtsinje, basi. Komabe chitupa chawo kwa zaka zambiri chinkanena kuti ndi mlendo m'dziko limene anabadwiramo. Atakula anakana khasu, nabwera ku Harare kudzasesa m'maofesi, ndipo kumeneko anakumana ndi Mtaliyana wina wokalamba amene ankayala mabo m'mabanki ndi m'mahotela. Mzunguyo sankalankhula zambiri. Pophunzitsa ankangogwira dzanja la munthu n'kuliyendetsa pa mwala kuti amve yekha pamene patsala mzere. A Kambalame anakhala naye nthawi yaitali. Kampani imene ankagwirako ntchito itatsekedwa, m'zaka zija zinthu zinavuta m'dziko muno, antchito anagawana zotsala. Iwo anatenga makina akale opalira, mnzawo a Saulos anatenga ena ocheperapo, ndipo aliyense anayamba kufuna ntchito payekha. Amapatsana moni mpaka lero, koma sindinganene kuti ndi mabwenzi.

Kagwiridwe ka ntchitoyi ndikafotokoze pang'ono, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Mabo amaoneka olimba, koma ndi mwala wofewa kuposa mmene anthu amaganizira. Ukakhalitsa umakandika, umatuwa, suwalanso. Wopolisha sapakapo kanthu pamwamba ayi, monga amayi amapakira polishi wofiira pakhonde. Iye amachotsa kachikopa kopyapyala ka mwala womwewo, kuyamba ndi mapadi okhakhala omangirira kunsi kwa makina, kenako osalalirapo, kenako osalala kwambiri, uku madzi akuthiridwa kuti mwala usapse ndipo fumbi lisauluke. Pamatuluka phala loyera limene amalikokera pambali ndi labala. Pomaliza amawazapo ufa wapadera, wowawa pakhungu, n'kuyendetsa makina mpaka munthu adzione nkhope pansi. Popeza madzi a m'mipopi kuno amabwera mwa apo ndi apo, a Kambalame amayamba tsiku lawo pa mjigo kudzaza zigubu, ndipo magetsi akazima amabwereka jenereta kwa mlamu wawo.

Ntchito zambiri masiku ano zimachokera kwa ana a kuno amene ali kunja, omwe akumangira makolo awo nyumba zikuluzikulu kuseri kwa mipanda ya simenti. Imodzi mwa nyumba zoterezi ili ku dera la Unit A. Anaimanga ndi Brendon, mnyamata wosamalira okalamba ku Ingalande. Mumakhala amayi ake, amene onse amawatchula Mai Brendon, pamodzi ndi mkazi wake Muriel, amene nthawi imeneyo ankadikira mapepala oti atsatire mwamuna wake. Mai Brendon ndi Mshona wa ku Seke, wamasiye, ndipo amapemphera ndi a Postori a zovala zoyera, aja amasonkhana panja pa thanthwe. Muriel ndi wathu, mwana wa banja la ku Zengeza, ndipo amapemphera tchalitchi chimodzi ndi a Kambalame, kumene iwo anali dikoni.

Amisiri atamaliza kuyala mabo oyera pabalaza ndi m'kholido, anasiya pansi pali simenti, penti ndi zokandika za makwerero awo. Muriel ndiye anati, "Amai, kuli malume athu ku tchalitchi amene amaidziwa ntchito imeneyi."

Apongozi ake sanakane, komanso sanavomere. Anangofunsa kuti, "Malume ako enieni, kapena a mtundu wanu chabe?"

A Kambalame anagwira ntchitoyo pafupifupi sabata. Mai Brendon ankakhala pampando pakhomo la khitchini tsiku lonse, maso ali pa iwo. Akatsegula chitini cha ufa wopolishira, mayiwo ankadzuka kudzanunkhiza. Akagwada n'kugunditsa tsaya pansi kuti aone ngati mwala wasalala ponse, mayiwo ankafunsa Muriel kuti munthuyu akuunong'oneza chiyani mwalawo. Ndipo n'zoona kuti a Kambalame ali ndi chizolowezi chong'ung'udza nyimbo za m'buku la tchalitchi akamagwira ntchito, za Chichewa chakale chimene ngakhale Muriel samva mawu ake onse. Tsiku lomaliza pansi panawala moti nyale ya kudenga inkaoneka kawiri. Muriel anajambula pa foni n'kutumizira Brendon, ndipo Brendon anayamikira kwambiri.

Sipanapite nthawi, Muriel anaimba foni. "Malume, tabwerani mudzaone. Pansi paja pachita mawanga."

Anapita. Mawangawo anali otuwa, osawala, ena aakulu ngati chitsekero cha botolo, ena aang'ono ngati njere za mapira. Anali pakhomo lolowera, m'ngodya za balaza, ndi pakhomo la chipinda cha Mai Brendon. Pakati pa balaza panalibe kanthu. Atayendetsapo chala anamva kuti mwala wadyeka. Anafunsa ngati wina anakolopa ndi mankhwala a m'chimbudzi kapena viniga. Muriel analumbira kuti amakolopa yekha, ndi madzi ndi sopo pang'ono, monga anamuuzira. Mai Brendon anangoyang'ana kudenga. A Kambalame anabweretsanso makina, napala malo onsewo mwaulere.

Mawanga anabweranso, ochuluka kuposa poyamba.

Apa ndi pamene aliyense anayamba kukayikira mnzake. Brendon pa foni anati mdalayo anagula ufa wotchipa wa pamsewu. A Kambalame nawo anabwerera kwa amene anawagulitsa ufa m'tauni, nakangana naye, koma atauyesa pa chidutswa cha mabo chimene amasunga kuseri kwa nyumba yawo, unagwira bwinobwino. Kenako anakayikira mwala weniweniwo, kuti mwina amalonda anamugulitsa Brendon wachinyengo. Pomaliza maganizo awo anagwera pa a Saulos. Anali atamva kuti a Saulos aonedwa ku Unit A, ndipo ankadziwa kuti m'ntchito imeneyi munthu wanjiru safuna zambiri, kabotolo kamodzi ka asidi wa batire n'kokwanira. Anawapeza pa Chikwanha akudya chimanga chootcha.

"Saulos, ku Unit A umakatani?"

"Kuli mlongo wanga. Kodi tsopano Unit A ndi yako, tizipempha chilolezo?"

"M'nyumba ya Brendon unalowamo?"

A Saulos anaseka mpaka kutsamwa. "Ine ndilowe m'nyumba imene iwe wakhwimira? Ndili ndi ana ine, Hezekiah. Sunamve kodi zimene akukunena?"

A Kambalame anali asanamve. Anamva tsiku lomwelo kwa a Tereza, amene amagulitsa tomato ndi masamba pa Chikwanha pomwepo, ndipo anali atazisunga mumtima masiku angapo. Mbiri inali yoti Muriel anabweretsa Mnyasa mnzake kuti adzaike mankhwala pansi pa nyumba, kuti apongozi afe msanga nyumbayo ikhale yake. Ankati ufa uja sunali ufa wamba, nyimbo zija zinali zoitanira, ndipo mawangawo ndi mapazi a zinthu zimene zikuyenda m'nyumbamo. Ife amene makolo athu anachokera ku Malawi mbiri yotere timaidziwa. Timakula tikuimva kusukulu, yoti Anyasa ngokhwima, usawabere, usawatukwane. Nthawi zambiri imakhala nthabwala, ndipo enafe timasekera nawo. Koma ikamatirira pa dzina la munthu mmodzi, munthu amene amadya chifukwa choti eni nyumba amamulola kulowa mpaka kuchipinda, sikhalanso nthabwala.

"Mayi wina lero wabweza tomato atamuuza kuti ndine mkazi wanu," anatero a Tereza. "Akuti angamumere m'mimba."

"Bwanji sunandiuze kale?"

"Ndikuuzeni kuti mutani? Mukamenye msika wonse? A bambo a Charmaine, ku nyumba imene ija musapondekonso. Asiyeni ndi mawanga awo."

"Ndikasiya ndiye kuti ndavomera."

Mwezi umenewo mayi wina wa ku Zengeza, amene anawalonjeza ntchito ya terazo, anatumiza uthenga woti mwamuna wake wati ayambe aganiza kaye. Kusukulu ina kumene ankapolisha holo chaka ndi chaka anangosiya kuyankha foni. Makina anakhala pakhonde atafunditsidwa thumba. Loja wawo mmodzi anayamba kuitanira ana ake m'nyumba iwo akakhala panja. Mwina anali ndi zifukwa zake, sindikudziwa, koma a Kambalame anaziona choncho. Muriel naye anasiya kubwera ku tchalitchi chifukwa cha manyazi.

Chimene chinkawasowetsa mtendere n'chakuti mawangawo sanali ooneka ngati a ngozi. Chinthu chikatayikira pansi chimasiya banga limodzi lalikulu. Awa anali omwazika ngati mvula yoyamba pa fumbi, ndipo nthawi zonse pamalo omwewo. Ndiye kuti alipo amene amawaza, ndipo amawaza Muriel kulibe. Muriel amachoka pakhomo m'mawa uliwonse kukaima pamzere pa mjigo. A Kambalame anamupempha kuti tsiku lina pochoka asakhome geti. Muriel anaopa, koma anavomera.

A Kambalame anafika nthawi imene anthu akuthamangira makombi, naima pakhonde pafupi ndi zenera lalikulu. Mai Brendon anali pabalaza atavala duku loyera, opanda nsapato, dzanja lina botolo la pulasitiki, lina kanthambi ka masamba. Ankathira madzi pa masambawo n'kuwaza, akupemphera motsitsa mawu, kuchoka ngodya ina kupita ina. Pansi pa botolo panali timiyala, pamwamba zidutswa za mandimu zikuyandama. Atatsegula chitseko kuti awaze pakhomo, anakumana maso ndi maso ndi a Kambalame, ndipo fungo la ndimu linafika m'mphuno mwa a Kambalame wina asanalankhule. Zimene anakambirana zinali mu Chishona, a Kambalame akuwaitana mayiwo kuti Mhamha, ndiko kuti amayi. Ndazilemba monga a Kambalame anandifotokozera, ndipo Muriel, amene anafika nkhani ili pakati, anavomereza kuti zinali choncho.

"Mwadzuka bwanji, Mhamha?"

"Walowera pati iwe? Wadzaonjezera zako eti?"

"Ayi, Mhamha. Ndingofunsa, m'botolomo muli chiyani?"

"Si zako. Ndi muteuro, madzi opemphereredwa. Anandipatsa Madzibaba, mneneri wathu."

"Muli ndimu?"

"Ndimu, mchere, ndi miyala ya ku mtsinje. Wachita mantha?"

"Munayamba liti kuwaza?"

"Tsiku lomwe unatulutsa makina ako m'nyumba muno. Madzibaba anaona kuti mwalowa munthu wa kutali, ndipo wasiyamo zake."

A Kambalame akuti mtima unawatsika, chifukwa anaganiza kuti nkhani yatha. Anafotokoza modzichepetsa, manja atawaika kumbuyo. "Mhamha, mwala uwu sugwirizana ndi chowawasa chilichonse. Ndimu amaudya. Dontho likagona pamenepo, kuwala kumachoka. Taonani, mawanga onsewa ali pamene madzi anuwa amagwera. Pakati apa pamene simuwaza palibe ngakhale limodzi."

Mai Brendon anamwetulira, koyamba chidziwireni a Kambalame. "Wanena wekha. Pamene madzi a Mulungu agwera ndi pamene zako zikuonekera. Madzibaba anandiuza kuti zizipsa, ndiziziona ndi maso. Ndi izi zikupsazi. Unabwera kudzazikwiriranso ndi makina ako, zatulukanso."

Umboni umene a Kambalame anaufunafuna mwezi wathunthu anali ataupeza, koma unali ukutsutsa iwo omwe. Anapempha kuti atulutse matailosi otsala m'galaja, amene iwo sanawagwirepo, adonthezepo madziwo onse aone.

"Matailosi amenewo anali m'nyumba muno iwe ukuimba nyimbo zako," anatero Mai Brendon. "Ndiponso mwala ulibe mlandu, suyenda wokha. Amene ndikumufuna ndiwe. Ngati ndiwe woyera, bwera ndidzakuthire madziwa m'manja anthu akuona. Mfiti sipirira, imakuwa, imathawa. Ukadzaima nji, ine ndemwe ndidzauza anthu kuti ndinakunamizira."

"Amai, awa ndi akulu a mpingo," anatero Muriel, ndowa ikadali pamutu.

"Iwe khala chete. Yako nkhani ikubwera."

Kunyumba a Tereza sanafune n'kumva komwe. Mpingo wathu suloleza mkhristu wake kulandira madzi a aneneri, ndipo a Kambalame omwe anali atadzudzulapo anthu pa mlandu womwewo.

"Inu dikoni mukagwadire botolo la mneneri wa pa thanthwe? Akulu a mpingo akakudulani."

"Akandidula ndidzabwerera ndikalapa. Nanga dzina la ufiti ndikalapa kwa ndani?"

"Ndiye akadzati mwavomera chifukwa mumakhulupirira madzi awowo?"

"Anene. Bola anthu anditsegulirenso mageti awo."

A Tereza anawagwira manja n'kuwatembenuza. "Nanga awa mwawaona?"

Zaka zonse zoviika manja m'phala la mwala ndi mu ufa wowawa uja zinawasiyira a Kambalame ming'alu yosapola, m'zala ndi m'zikhatho. Nyengo yachisanu, monga inalili nthawi imeneyo, ming'aluyo imatseguka mpaka kuoneka mnofu wofiira. Kunyumba sasenda lalanje, amawasendera akazi awo.

"Ndimu ndi mchere m'mabala awa," anatero a Tereza. "Mukangoti mayo kamodzi, basi mwatha. Sipadzakhala wofunsa za ming'alu. Adzati mfiti yapsa, tinaiona ndi maso athu. Ndiye bola tipake mafuta ambiri, kapena tisungunulire kandulo m'ming'alumo."

"Mayi uja amanunkhiza chilichonse. Akapeza mafuta adzati ndabwera nditatsirika."

"Ndiye mupite choncho?"

"Choncho."

Anapita Lamlungu masana, atatuluka m'tchalitchi, akadali mu jekete yawo yakuda. Ndinalipo, chifukwa a Tereza anandipempha kuti ndiwaperekeze. Nkhani inali itamveka kale. M'kati mwa mpanda munali amayi angapo a zovala zoyera, anzawo a Mai Brendon, ndipo kunja anthu anali atakwera pa njerwa kusuzumira pamwamba pa mpanda. A Saulos nawonso anabwera, naima pa geti manja ali m'thumba. Sindinadziwe ngati abwera kudzathandiza kapena kudzaonerera mnzawo akugwa. Madzibaba sanabwere, koma anatumiza botolo latsopano, ndipo madzi ake anali achikasu kuposa aja a Kambalame anawaona poyamba.

Mai Brendon ankafuna kuti zichitikire pabalaza, pamene pali mawanga.

"Tichitire panja pano, Mhamha," anatero a Kambalame. "Mwala uja wavutika kokwanira."

Ena pampanda anaseka. Mai Brendon sanaseke, koma anavomera. A Kambalame anavula jekete n'kupatsira a Tereza, napinda malaya mpaka m'zigongono, nagwada pa simenti ya pabwalo. Mayi mmodzi wa zoyera anawapisa m'matumba a thalauza, napeza mpango ndi makiyi okha. Mai Brendon anawanunkhiza manja, kuseri ndi kutsogolo, kenako anakhutchumula botolo kuti mchere usungunuke bwino.

"Tambasula."

Anatambasula. Mayiwo anayamba pemphero, anzawo akuvomera, nathira madzi pang'onopang'ono kuyambira ku zala.

Ndinali pafupi, ndipo ndinganene zimene ndinaona. Manja sanagwedezeke. Mitsempha ya m'khosi inatuluka, nsagwada zinauma, ndipo thukuta linayamba kutsika pamphumi ngakhale kunali mphepo yozizira. Maso anawalozetsa pa khoma la galaja. Pambuyo pake anandiuza kuti ankamva ngati akuwalowetsa singano zamoto mu mng'alu uliwonse, ndipo chimene ankaopa kwambiri si kukuwa koma kupuma, chifukwa akanatulutsa mpweya ukanatuluka ndi mawu. A Tereza anali atakwinya jekete ija pachifuwa ngati akuifinya.

Misozi inatuluka yokha.

"Akulira! Taonani, akulira!" anakuwa mtsikana wina pampanda.

"Yayamba kupsa," anatero mmodzi wa amayi a zoyera. "Thirani, Mai Brendon, thirani!"

"Akulira wathawa?" anafunsa a Saulos kuchokera pa geti, mokweza. "Munati mfiti imathawa. Uyo wagwada pomwepo. Akanakhala iwe wokuwawe, bwenzi pano uli ku Chikwanha ukufuna kombi."

Mai Brendon anapitiriza kuthira, koma pemphero lawo linayamba kuchepa mawu. Anali akuyang'ana pansi. Madzi odontha kuchokera m'manja mwa a Kambalame sanali achikasu ayi, anali ofiirira. Botolo lili pakati, analeka. Analiika pansi, nagwira dzanja limodzi la a Kambalame n'kulibweretsa pafupi ndi maso awo, chifukwa saona bwino. Anatambasula chala chimodzichimodzi. Mai Brendon analera Brendon ndi ntchito yochapira anthu zovala, ndipo manja awo omwe si osalala.

"Manja awa anali chonchi pobwera?"

"Amakhala choncho, Mhamha."

"Ndiye bwanji sunanene?"

"Mukanati ndikuzemba."

Mayiwo sanalisiye dzanja lija.

"Malizani botolo, Mai Brendon," anatero mnzawo uja. "Madzibaba anati lonse."

"Ndati kwakwana. Muriel! Bweretsa madzi a m'chigubu, wamba, ndi mafuta anga aja ali pa zenera."

Anawatsuka manja okha, nawapukuta ndi nsonga ya nsalu yawo yoyera, nawapaka mafuta. Kenako anatembenukira kumpanda. "Mukuonerera chiyani? Munthuyu alibe kanthu. Ndi munthu wa ntchito. Kazipitani kwanu."

Amene anawadzutsa a Kambalame pa simenti paja ndi a Saulos. "Ukanakuwa ndikanakukana," anatero a Saulos. "Ndikanati sindikudziwa, ndine wa ku Mozambiki."

Ndiyenera kunena mosamala zimene zinatsatira, chifukwa ena amaikamba nkhaniyi ngati inatha bwino ponseponse. Mai Brendon sanavomerepo kuti ndimu ndiye ankadya mwala. Mpaka lero amati m'nyumbamo munalidi kanthu, koma amene anasiya kanthuko ndi amisiri oyala matailosi aja, ndipo madzi a Madzibaba anakatentha n'kukatha. Chifukwa chakuti kanatha, akuti, palibenso chowazira m'kati, ndiye amawaza pa geti ndi kuzungulira mpanda. A Kambalame sanawatsutse. Anapalanso pansi paja kachitatu, ndipo mawanga sanabwerenso. Lonjezo lawo Mai Brendon analisunga mwa njira yawo. Sanayende khomo ndi khomo, koma m'mawa wotsatira anatenga ndowa, chinthu chimene sachita, nakaima pamzere pa mjigo, nanena pamenepo mokweza kuti Mnyasa uja ngwoyera, anamuyesa okha ndi manja awo. Kwa amene amadziwa mizere ya pa mjigo, zimenezo n'zokwanira kuti pofika masana Unit A yonse ikhale itamva.

Akulu a mpingo anawaitana a Kambalame. Anamvetsera nkhani yonse, ena anagwedeza mitu mwachisoni, komabe anawaimitsa udikoni, ndipo pamene ndikulemba pano sanawabwezere. Amakhala pa benchi ya kumbuyo ndi amuna ena. Aliponso anthu, pa Chikwanha ndi kwina, amene anaimva nkhaniyi mwa mtundu wina. Iwo amati munthu wopirira muteuro wa Madzibaba osakuwa ndiye wokhwima kwenikweni, woposa mmene ankaganizira. Sukulu ija sinaimbenso foni.

Mayi wa ku Zengeza uja anaimba patapita nthawi, nati mwamuna wake wavomera. A Kambalame anafika m'mawa ndi makina ndi zigubu zawo. Mwamunayo anawalandira bwino, nawapatsa tiyi ndi buledi, nawafunsa za manja ngati apola. Anawaonetsa balaza, khitchini ndi kholido, nati agwire momasuka. Koma atafika pa chipinda chogona anakoka chitseko, nakhoma, kiyi n'kuika m'thumba. A Kambalame anapala nyumba yonse mpaka pa chitseko chimenecho, ndipo terazo wa m'chipindamo akadali wotuwa mpaka lero.